Bedi la a Likaka ndi Khutu Langa Lamanzere

Tadala ndi Chikondi, ana anga, za khutu langa lamanzereli mwamva nkhani zitatu. Muli aang'ono ndinakuuzani kuti ndinagwa mumtengo wa mapeyala. Mutafika ku sekondale ndinati linaphedwa ndi phokoso la makina opalira matabwa. Mayi anu, nthawi imene ndinkawafunsira, ndinawauza kuti ndi kwinini. Zonse zitatuzo n'zabodza, ndipo sindipepesa, chifukwa iliyonse inakusangalatsani pa nthawi yake. Koma poti ndapuma pa ntchito, ndipo Tadala wandigulira kope kuti ndisiye mbiri yanga, ndiyambira pa ntchito yanga yoyamba, chifukwa khutuli linafera kumeneko.

Okutobala, chaka chimene ndinalemba mayeso a Fomu 4

Ndinali ndi zaka khumi ndi zisanu ndi zitatu, ndipo kusukulu sindinkadziwika ndi masamu. Ndine ndinapaka chitedze pampando wa mkulu wa mapulifekiti. Ndinenso ndinalemba kalata yoitanira aphunzitsi onse aamuna ku msonkhano umene kunalibe, iwo n'kukhala m'kalasi ola lathunthu atavala mataye. Mayeso anandibwezera zomwe ndinafesa. Agogo anu, amene ankagulitsa makala ku Ndirande, anakagwada kwa a Namaona titangotuluka m'tchalitchi, kuwapempha kuti anditenge pa shedi yawo ya ukalipentala. Ntchito zinali zosowa. Anzanga amene anakhoza bwino ankangozungulira m'tauni ndi maenivelopu.

A Namaona anali munthu wamfupi, pensulo kukhutu, ndipo sindinawamvepo akukuwa. Chimenecho ndicho chinkatiopsa. Akakwiya ankatsitsa mawu mpaka unkachita kuwerama kuti umve chimene chikukuphacho. Pochotsa munthu ntchito sankalankhula n'komwe. Tonse tinkasiya nsapato zogwirira ntchito ndi makapu a tiyi pa shedi, ndiye wochotsedwayo ankangofika m'mawa n'kupeza nsapato zake ndi kapu yake zili panja pa geti, zitasanjidwa bwino. M'miyezi yanga yoyamba ndinaona nsapato za anthu awiri. M'mawa uliwonse ndikamakhota pa mlatho wa Nasolo, maso ankathamangira pagetipo miyendo isanafike.

Dzina langa sanaligwiritsepo ntchito. Ndinali Fomu Folo. Ntchito yanga inali kukwecha matabwa ndi sandipepa, kupaka vanishi, kuperekeza katundu kwa ogula, ndiponso kuwerenga pepala. Matiresi ankawapikula ku fakitale n'kumagulitsa pamodzi ndi mabedi, ndipo m'kati mwa pulasitiki ya matiresi aliwonse munkakhala kapepala ka Chingerezi konena za kasamalidwe. Pa shedi yonse wodziwa Chingerezi ndinali ine. Kapepalako kankanena zinthu zochepa: chotsani pulasitiki kuti matiresi azipuma, muziwatembenuza kawirikawiri, musawapinde, musawanyowetse. Ine ndinkamasulira, ogula n'kumagwedeza mitu, ndipo pulasitikiyo palibe ndi mmodzi yemwe ankaichotsa. Munthu wagula chinthu chatsopano, iwe uziti achivule? Ankagona pamenepo chaka chonse, pakulira tswatswatswa usiku, thukuta lili tsaa, bola alendo akasuzumira aone kuti n'zatsopano.

Nditaona kuti anthu amakhulupirira chilichonse chotuluka papepala, dzanja linayamba kuyabwa. Mphunzitsi wina wa kwaya ku Chilomoni ndinamuuza kuti matiresi safuna munthu woliza mkonono sabata yoyamba. Gogo wina wa ku Zingwangwa ndinamuuza kuti tebulo latsopano amayamba walilonjera asanaikepo mbale. Ankatero ndithu. Zimenezi ndimaseka nazo mpaka lero, ndipo palibe anavulala.

Disembala wa chaka chotsatira

Chaka chimenecho matabwa ouma anasowa. Mlombwa, umene aliyense ankafuna pa bedi la ukwati, unkabwera mwa apo ndi apo. A Namaona anayamba kugula bulugamu wocheka dzulodzulo, woti ukamupala, zipalo zake zimamata m'manja. Tinkamupaka utoto wofiirira kawiri, vanishi katatu, n'kuoneka mlombwa weniweni. Wopaka ndinali ine. Mtengo wauwisi ukautsekera m'vanishi sufa, umangodikira. Ukamauma umapindika, umang'ambika, ndipo tizilombo tofumbula matabwa timakhala tagona kale m'katimo. Tonse pa shedi tinkadziwa, ndipo tonse tinali ndi nsapato.

Ndiye kunabwera a Likaka, opha ng'ombe a ku Bangwe. Munthuyo ankadzaza chitseko. Ankayenda ndi mpeni wokulunga m'nyuzipepala, ndipo anthu ankanena kuti tsiku lina anagwira wakuba, n'kumugoneka dzanja pachipika chodulira nyama, n'kutema pafupi ndi zala mpaka wakubayo anadzinyowetsa. Mkazi wawo woyamba anali atamwalira, abale a mkaziyo n'kusesa m'nyumba monse, ngakhale waya wa makatani. Chaka chonse a Likaka anagona pamphasa. Tsopano ankakwatira mtsikana wa ku Nsanje, dzina lake Esinati, ndipo ankafuna bedi la mlombwa ndi matiresi aakulu kuposa onse. A Namaona anavomera mwa mawu awo otsika aja, n'kundiyang'ana ine, ine n'kukatenga chitini cha utoto.

Tsiku lopereka katundu galimoto inathera m'munsi mwa phiri chifukwa msewu unali utakumbika. Kuchokera pamenepo kunali kusenza. Maulendo anayi ndinakwera, dzuwa lili pamutu, a Likaka akuyenda pambuyo panga manja ali m'thumba.

"Fulumira, bulu iwe. Sukulu yonseyo unkaphunzira kuyenda ngati nkhono?"

Matiresi anali omalizira. Mphepo inawakankha, ine n'kugwada m'fumbi, ana a m'mudzimo n'kuseka.

"Mwaona?" anatero a Likaka kwa anawo. "Ameneyu ndi wa Fomu Folo. Inu musavutike ndi sukulu, mudzabwere ndidzakuphunzitseni kusenda mbuzi."

Nditamanga bedi m'chipinda, anandilamula kuwerenga pepala. Mayi Esinati anali atagwada pakhomo la chipindacho, mtsikana woonda, wamanyazi, wosaposa msinkhu wanga. Maondo anga anali akutuluka magazi. Ndinatambasula pepala, n'kukonza pakhosi ngati wansembe.

"Choyamba, akuti matiresiwa azitulutsidwa panja Loweruka lililonse m'mawa, apitidwe mphepo, kenako atembenuzidwe. Wonyamula akhale mwini nyumba, mwamuna, pamutu, osathandizidwa."

"Chifukwa?"

"Akuti matiresi amazolowera mphamvu ya munthu mmodzi, bwana."

Anagwedeza mutu. Zinawakomera.

"Chachiwiri, miyendo ya bedi izipukutidwa ndi nsanza youma tsiku lomwelo, wopukutayo atagwada. Chachitatu, dzanja la mkazi lisagwire mtengo wa bedili mpaka chaka chithe. Thukuta la akazi limapha vanishi."

"Nanga ameneyu agona pati?"

"Kugona agone, bwana. Koma kupukuta, kukoka, kusuntha, ayi."

A Likaka anatembenukira kwa mkazi wawo. "Wamva? Si ine ndanena, ndi azungu a kufakitale."

"Ndamva," anatero mayi Esinati, maso ali pansi.

Mzere wonena zochotsa pulasitiki ndinaudumpha, chifukwa mwiniwake anali atalengeza kale kuti woichotsa amudula zala. Pepalalo ndinati limabwerera ku shedi, n'kulipinda, n'kukaliika m'buku langa lakale la mapu. Lamulo lachitatu ndinangoliwonjezera kuti pasapezeke wowalandira ntchitoyo. Sindinaganizenso china.

Loweruka lachitatu ndinakwera basi mpaka ku Bangwe, n'kukabisala kuseri kwa hokala. Ndinaona ndi maso angawa chimunthu chija chikutuluka chammbali pakhomo, matiresi pamutu, chikudzandira ngati nkhuku yonyowa. Kenako ndinasuzumira pawindo n'kuona matako aja ali m'mwamba, mwiniwake akupukuta mwendo wa bedi mwaulemu ngati akusambitsa khanda. Azimayi a nyumba zoyandikana ankaseka atatseka pakamwa ndi zitenje. Ine ndinaseka mpaka kukhala pansi. Mukandifunsa lero ngati ndikanachitanso, Loweruka limenelo lokha ndikanalibwereza.

Febuluwale, mvula ili pakati

Linali Lachisanu masana, mvula ikuwaza, pamene mayi wina anaima pageti la shedi atafunda chitenje mpaka pakamwa.

"Achimwene a pepala ndinu?"

Ndinawazindikira ndi kalankhulidwe ka kuchigwa. Atatsitsa chitenje ndinaona mlomo wotupa, wong'ambika pakati. Anandiuzanso kuti ndi oyembekezera. Anafotokoza mwachidule, osalira. Thabwa la m'mbali mwa bedi linali litang'ambika kuchokera kumutu mpaka pakati. Vanishi anali atatukusira n'kuyera. M'mawa uliwonse pansi pa bedi pankapezeka timilu ta ufa wa mtengo. Matiresi nawo anali atachita mawanga akuda m'kati mwa pulasitiki, akununkha nkhungu. Azimayi ena ankanong'ona kuti ndi malemu aja akukana mkazi watsopano. A Likaka sanafune za mizimu. Anatenga Baibulo n'kuwauza kuti alumbire kuti sanagwirepo bedilo.

"Ndiye ine kunama pa Baibulo sindingathe, achimwene. Ndinapukutapo kamodzi. Amayi a mphakati wathu wa kutchalitchi ankabwera kudzandiona nditadwala, fumbi lili mbuu, abambo ali kumsika. Ndinangodutsitsa kansanza konyowa. Kamodzi kokha."

Ankhoswe anali ataitanidwa Lamulungu masana. Chikwama chinali chomanga kale. Ankabwezedwa ku Nsanje ndi mimba yawo, ngati mkazi wosamva, woononga katundu wa mwamuna miyezi iwiri isanathe.

"Ndiye ndimati ndifunse," anatero. "Papepala paja sanalembe mankhwala ake? Mkazi akalakwitsa n'kugwira, palibe chimene amachita kuti mtengo ukhululuke?"

A Namaona anayankha ali kumbuyo kwanga, ndi mawu awo otsika aja.

"Mayi, lamulo ndi lamulo. Ife tinakuuzani. Katundu wathu akawonongeka ndi manja a ogula, si mlandu wa shedi."

Mayi Esinati anawerama, n'kubweza chitenje pakamwa, n'kubwerera mumvula. A Namaona anadikira mpaka atakhota.

"Fomu Folo, lero ndauona ntchito mutu wakowo. Lamulo limenelo uziuza aliyense wogula bedi." Anachotsa pensulo kukhutu n'kumaiyang'ana. "Nsapato zako ndi zija zong'ambika kuchidendene, eti? Ndimazidziwa."

Loweruka lonse ndinagwira ntchito ngati munthu wodwala malungo. Ndikaganiza zokhala chete, ndinkaona mlomo uja. Ndikaganiza zolankhula, ndinkaona chipika ndi zala zanga zili pamenepo, kenako agogo anu akugwadanso pa tchalitchi kupempha munthu wina. Ndinayesa kudzinamiza kuti ankhoswe akonza okha, kuti mwina a Likaka aziziritsa mtima. Koma ndinkadziwa kuti mlanduwo unali ndi mboni imodzi yokha, pepala, ndipo pepalalo linali m'buku langa la mapu, pakati pa Asia ndi Australia.

Lamulungu lake

Titatuluka m'tchalitchi ndinauza agogo anu kuti ndikukaonera mpira. Ku Limbe ndinatsika basi n'kuima nthawi yaitali pa siteji ya ku Ndirande, osati ya ku Bangwe. Basi ziwiri zobwerera kwathu zinadzaza ndikuziyang'ana. Sindinganame kuti ndinalimba mtima. Chimene chinandikweza ya ku Bangwe n'chakuti kondakitala anandikoka dzanja, ine n'kusowa mphamvu yokana. Phiri lija ndinalikwera, koma nyumbayo ndinaipitirira kawiri. Kachitatu galu anandiuwa, chitseko n'kutseguka.

Pabalaza panali a Likaka, mkulu wawo amene anali nkhoswe yawo, ndi a Semba, bambo aang'ono a mayi Esinati, kalaliki wopuma wa ku njanji, wamagalasi omanga ndi ulusi. Bedi linali litamasulidwa n'kuunjikidwa pakati ngati mtembo, matiresi atatsamira khoma. Mayi Esinati anali pansi pafupi ndi chitseko, chikwama pambali pawo. A Likaka anali atangomaliza kutchula malamulo atatu aja pamtima, liwu ndi liwu, kuposa mmene ine ndikanawatchulira.

"Eya, mboni yabwera yokha," anatero atandiona. "Lowa, Fomu Folo. Auze akuluakuluwa zimene pepala linanena."

Ndinagwada. Pepala ndinalitulutsa m'malaya litanyowa ndi thukuta, n'kulipereka kwa a Semba ndi manja awiri.

"Pepala ndi limeneli. Koma musanawerenge, ndikupempha mpeni."

A Likaka anatenga nyuzipepala ija patebulo n'kuifunyulula pang'onopang'ono. Mpeniwo unali utanoledwa mpaka kuonda pakati. Sanandipatse.

"Ucheka chiyani?"

"Mwendo wa bedi, bwana. Chekani nokha, apa."

A Likaka anawerama n'kusenda kachidutswa, monga amachitira polawitsa wogula nyama yowotcha. Pansi pa utoto wofiirira uja panatuluka mtengo woyera ngati chinangwa, uli ndi timabowo. Anaukanikiza ndi chala chachikulu, n'kuununkhiza.

"Mlombwa ndi wofiira mpaka m'kati, ngati chiwindi," ndinatero. "Ameneyo ndi bulugamu. Anali wauwisi pamene tinkapanga bedili. Likanang'ambika ngakhale mukanalitsekera m'galasi. Utoto ndinapaka ndine. Nkhungu ya pamatiresiyo ndi pulasitiki, papepala analemba kuti muchotse, ine sindinawerenge."

"Nanga dzanja la mkazi?"

"Ndinapeka ndine."

"Kugwada?"

"Ndinenso."

"Chifukwa chiyani?"

Funso limenelo linali ndi mayankho ambiri abwino, ndipo ine ndinali katswiri wa mayankho. Koma mantha akafika pamapeto, bodza limathawa.

"Munanditcha bulu pamaso pa ana. Ndinkafuna ndikuoneni mutagwada."

Chimene ndimathokoza nacho Mulungu mpaka lero n'chakuti anayamba aika mpeni patebulo. Anauika bwinobwino, chigwiriro chikuloza kwa iwo. Khofi lake sindinalione. Ndinangozindikira tsaya lili pa simenti, m'khutu mukulira likhweru lalitali, kamadzi kofunda kakutsikira m'khosi. Mkulu wawo anali atawagwira m'chiuno. Ndinkayembekeza nsapato m'nthiti, ndipo ndinatseka maso.

M'malo mwake ndinamva, ndi khutu lakumanja, a Semba akukonza pakhosi. Anawerenga pepala lonse m'Chingerezi choyamba, mosathamanga, ngati akuitana mayina a masiteshoni, kenako n'kumasulira. Chotsani pulasitiki. Musapinde. Musanyowetse.

"Za dzanja la mkazi mulibemo," anatero. "Za kugwada mulibemo. Mwana wathu mwamung'amba mlomo chifukwa chopukuta fumbi m'nyumba mwake. Tsopano mutiuze, apongozi, mlandu umene mwatiitanira ndi uti?"

A Likaka anakhala pansi, mpando n'kulira. Anayang'ana chidutswa cha bulugamu m'manja mwawo, n'kuyang'ana chikwama chija. Munthu wamkulu ngati ameneyo akachita manyazi, nkhope imaoneka ngati ya mwana. Kenako anafunsa, mawu atachepa.

"Nanga za Loweruka? Zonyamula zija?"

A Semba anayang'ana pamwamba pa magalasi. Anayang'ana mlomo wa mwana wawo, n'kuyang'ana ine ndili pansi, n'kubwerera papepala. Anayendetsa chala pamzere wina.

"Zimenezo zilimo. Mwini nyumba, pamutu, osathandizidwa. Mnyamatayu wanama pawiri, koma apa ananena zoona."

Anapinda pepalalo n'kuliika m'thumba la m'kati la jekete, n'kumanga batani. Ine ndinali ndi magazi m'khutu ndi fumbi m'kamwa, koma ndinachita kudziluma lilime kuti ndisaseke.

Zokambirana zinatenga nthawi, ndipo ambiri mwa mawuwo sindinawamve. A Likaka anapepesa kwa a Semba, a Semba n'kuwalozera kwa mwiniwake mlomo. Ndinaona mayi Esinati akuimirira n'kulowetsa chikwama kuchipinda. Atatuluka anali ndi kansanza konyowa, mwina komwe kaja, n'kundipatsa kuti ndipukute khosi. Pamene ndinkatuluka, a Likaka anali akung'amba pulasitiki ya matiresi ndi mpeni uja.

Lolemba, ndi zaka zotsatira

Lolemba m'mawa nditakhota pa mlatho wa Nasolo ndinaziona zili patali: nsapato zong'ambika kuchidendene ndi kapu yanga yobiriwira, zitasanjidwa bwino. A Likaka anali atafika kale kusanache bwino, zidutswa za bedi zili paphewa. Anzanga anandiuza pambuyo pake kuti tsiku limenelo anamva a Namaona akulankhula mokweza koyamba, ndipo kuti mlombwa weniweni unapezeka sabata yomweyo, kuseri kwa shedi, pansi pa malata. Kuchipatala anati ng'oma ya m'khutu yaphulika. Agogo anu sanandilankhule masiku anayi. Lachisanu lake anandiikira ndiwo zambiri kuposa masiku onse.

Ndinakhala miyezi isanu ndi iwiri osagwira ntchito. Amene anandipezera ina ndi a Semba, pa sukulu ina ya atsikana yogonera komweko, kumene ankafuna munthu woyang'anira mabedi, madesiki ndi makabati. Kumeneko ndinakhala zaka zambiri pansi pa sisitere wina amene ankayendetsa chala pansi pa tebulo kufufuza fumbi. Kenako ndinapita ku nyumba ina yogona alendo ku Limbe, kumene ndapumirako. Pa ntchito zonsezi sindinalandirepo katundu wamatabwa ndisanamusende pang'ono pamalo obisika, ndipo akalipentala a m'tauni muno ankandida nazo.

Poti mwakula mukumva malamulo anga osadziwa enieni ndi ati, nawa amene ndingalumbirire. Pulasitiki muzichotsa tsiku lomwelo, alendo aganize zimene akufuna. Matiresi muziwatembenuza, kumutu kupite kumiyendo, pansi pabwere pamwamba. Bedi ndi kabati zisatsamire khoma, pazitsala mpata wolowa dzanja, chifukwa makoma athuwa amachita thukuta nthawi ya mvula. Pokolopa, madzi asamaime pa miyendo ya mipando. Poto wotentha asakhale patebulo popanda chotsamira. Mukaona ufa pansi pa mtengo, funsani amene anakugulitsani, osati amene mumagona naye.

Mayi Esinati ndinakumana nawonso mumsika wa Limbe inu mutabadwa kale. Anali atanenepa, akugulitsa tomato ndi mtsikana wamtali, uja anali m'mimba. Anandiitana kumbali yakumanzere katatu ine osamva, mpaka anachita kundikoka malaya.

"Achimwene a pepala. Mwakalamba."

Sindinganene kuti a Likaka anasanduka mngelo, ndipo mayiwo sananene choncho. Anangoti kuyambira tsiku lija dzanja silinawafikenso, chifukwa a Semba ankabwera mwezi ndi mwezi atavala jekete lomwe lija. Ndinafunsa za Loweruka.

"Ananyamula mpaka msana unakana," anatero, akundiikira tomato m'jumbo. "Amuna ena atatu a mzere wathu anatengera. Akazi awo anachita kuwalimbikitsa."

Machinjiri, chaka chino

Lamulo lachitatu lija sindiseka nalo. Likhweru la m'khutu likayamba, makamaka nyengo ya mvula, ndimaganiza za basi ziwiri zija za ku Ndirande, ndi mmene ndinatsalira pang'ono kukwera yachiwiri. Mayi uja akanatsikira ku Nsanje ndi chikwama ndi mimba chifukwa cha mawu amene ndinapeka maondo akundiwawa, ndipo ine ndikanakhala ndi makutu awiri. Mantha amenewo sanandichoke, ndipo sindifuna andichoke.

Koma loyamba lija, ana anga, musayembekeze kuti ndidzalilapa. Loweruka lathali ndinali pakhonde kwa Chikondi ndikumwa tiyi, pamene mwamuna wako, Chikondi, anatuluka chammbali pakhomo, matiresi atsopano aja ali pamutu. Ndinamufunsa chifukwa chake sakuitana mkazi wake kuti amugwirire mbali ina.

"Ayi ababa, sizitheka," anatero, mawu akuchokera pansi pa matiresi. "Ndi lamulo la kufakitale, amanyamula mwamuna yekha. Kwathu ku Bangwe aliyense amadziwa. Inu mwagwira ntchito ya mabedi zaka zonsezi osalimva?"

Ndinati ndinalimvapo, ndipo ndinamuuza kuti awerame pang'ono, chingwe choyanikira zovala chili patsogolo pake.

Kopeli muzisunga pamene iye sangalipeze.